Mzamba ndi Wokumba Manda

Kalekale, anthu akuvalabe nyanda, padali mwamuna wina dzina lake Kathumba, ndi mkazi wake Nangondo. Tchera khutu mwanawe, nkhaniyi si yoseketsa.

Nangondo adali mzamba. Ana onse a m'mudzimo ankabadwira m'manja mwake. Kathumba adali wokumba manda. Akufa onse a m'mudzimo ankagona m'maenje ake. Mkazi kulandira, mwamuna kuperekeza. Nyumba imodzi, mphasa imodzi.

Awiriwa ankakondana. Koma pa chinthu chimodzi sankamvana.

Nangondo akabwera kobadwitsa ankati, "Abambo a Khumbize, Chauta aliko. Lero ndawerenga zala za khanda. Zisanu uku, zisanu uku, ndi zikhadabo zomwe. Mayi wake ngakhale mphika sadziwa kuumba. Nanga khutu lija waliumba ndani m'mimba muja?"

Kathumba akabwera kumanda ankati, "Amayi a Khumbize, ine ndaika mbala, ndaika olungama. Dothi ndi lomwelo, fungo ndi lomwelo. Woumba wanzeru saswa mbiya zake. Kumwambaku kulibe munthu."

Mwana akabadwa, Nangondo ankapita pansi pa mtengo wa msolo, kuseri kwa mudzi. Ankathira ufa, n'kuomba m'manja.

"Ufa wanu wadyedwa ndi nyerere," ankatero Kathumba.

"Nanga nyererezo wazituma ndani?" ankatero Nangondo.

Ankaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Mawa lake n'kuyambiranso.

Adali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, Khumbize uja. Adakula, adakwatiwa, adatenga pakati.

Ndiye kudabwera nthomba.

Idalowa ndi mlendo wogulitsa mchere. Mlendo adafa, Kathumba adakumba. Amene adamupatsa madzi adafa, Kathumba adakumba. Kenaka idagwira ana. Ana amene Nangondo adawalandira ndi manja awiri, Kathumba ankawatsitsira m'dzenje ndi manja awiri.

Okumba anzake adali asanu. Adatsala atatu. Adatsala awiri. Adatsala yekha. Pokumba ankang'ung'udza kanyimbo kake:

Kumba khasu, kumba,
wadzulo wagona, walero akudza.
Kumba khasu, kumba.

Amene adali ndi miyendo adathawira kumapiri. Odwala adawasiya m'misasa kunja kwa mudzi. Udzu udamera pabwalo. Afisi adayamba kuyenda masana.

Mwamuna wa Khumbize adafa. Kathumba adakumba. Patapita masiku anayi, Khumbize adadzuka thupi likutentha, nkhope itatuluka timatuza. Pakati pake padali patatsala mwezi umodzi.

Nangondo adakokota ufa wotsiriza m'chitete. Adathamangira ku msolo, nagwada.

"Chauta, ana a anthu ndakulandirirani ambirimbiri. Sindinakupempheni kanthu. Lero ndikupempha mmodzi. Ndisiyireni Khumbize."

Mtengo udali chete.

Mawa lake adapita ndi nkhuku. Mtengo udali chete. Mkuja wake adavula mikanda ya m'chiuno, ya pa ukwati wake, naiika patsinde. Mtengo udali chete.

Tsiku lomwelo Kathumba adali kumanda, dzuwa lili pamutu. Atadzutsa mutu m'dzenje, adaona fisi atakhala pa mulu wa dothi, mimba itafufuma ndi kukhuta.

"Moni, wokumba," adatero fisi.

"Choka."

"Ndamva kuti iwe umati Chauta kulibe. Ukulakwa. Chaka chatha ine nthiti zinali pamtunda. Ndinalira, ndinalira. Taona lero. Ana anga anenepa. Aliko, ndipo amamva."

"Wakhuta ana a anthu, ndiye ukuti amamva?"

"Ndinapempha, ndalandira. Umboni wina ukufuna wotani?"

Kathumba adamugenda ndi chibuma. Fisi adachoka pang'onopang'ono, osathamanga. Kuyambira tsikulo Kathumba ankakumba mozama, mpaka dzenje limupitirire mutu, ndipo pamwamba ankaunjika minga.

Kumba khasu, kumba,
wadzulo wagona, walero akudza.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri Khumbize nthawi yake idakwana, mwezi usanathe. Adali mu msasa. Matuza adali atamutseka maso. Nangondo adagwada monga ankagwadira kwa ana a anthu. Adagwira ntchito yake. Mwana adabadwa, wamkazi, khungu losalala, lopanda tuza ngakhale limodzi.

"Amayi, ndi wamoyo?" adafunsa Khumbize.

"Ndi wamoyo."

"Zala zakwana?"

Nangondo adawerenga. "Zakwana, mwanangu."

"Muikeni apa ndimumve."

Adamuika pachifuwa. Khumbize adamupapasa mutu, adamupapasa msana. Dzuwa lisanapendeke, dzanja lidagwa.

Iwe ukudziwa mwambo. Bambo sakumba manda a mwana wake. Amakumba ndi ena. Koma ena adali kuti? Kathumba adatenga khasu. Tsiku limenelo sadaimbe. Adakumba, adakumba, mpaka manja adatuluka magazi. Adamukulunga m'mphasa. Mwamuna kumutu, mkazi kumiyendo, khanda kumsana. Operekeza maliro adali omwewo.

Atabwerako, Nangondo sadalowe m'nyumba. Adatsitsa khanda, nalipereka kwa mwamuna wake. Adatenga nkhwangwa. Adapita ku msolo.

Go, go, go.

Kathumba adamutsatira. "Amayi a Khumbize, mukudula mtengo wa yani?"

"Wa nyerere. Munkanena zoona. Kulibe munthu."

Go, go, go. Ankadula akutukwana. Ankadula akufunsa. "Ndinakulakwirani chiyani? Ndinakumanani chiyani?" Mtengo udagwa.

Zaka zonsezo Kathumba ankafuna kumva mawu amenewo, akuti munkanena zoona. Lero adawamva. Sadamukomere.

Tsopano khanda lija. Bere kudalibe. Mudzi wonse mudalibe mkazi woyamwitsa. Adalipatsa madzi, lidalavula. Adalipatsa phala lamadzimadzi, lidalavula. Tsiku loyamba lidalira. Tsiku lachiwiri lidalira. Tsiku lachitatu lidasiya kulira.

Nangondo ankadziwa tanthauzo lake. "Uyu safika mawa," adatero. "Pitani mukakonze. Pafupi ndi mayi wake."

Kathumba adanyamula khasu. Adafika kumanda. Adayeza kadzenje ndi mapazi, awiri okha. Adakweza khasu. Khasu lidakana kutsika. Adakwezanso. Lidakana.

Pamenepo munthu uja adayang'ana kumwamba, kumene sadayang'anepo ndi pemphero chibadwire.

"Iwe amene kulibe," adatero. "Ndakukwiririra mudzi wonse. Ndakukwiririra mwana wanga. Uyu yekha ayi. Ukamufuna, tsika udzakumbe wekha."

Adaponya khasu m'tchire, nabwerera chimanjamanja.

Panjira adamva kulira. Kuseri kwa khola la anthu amene adathawa kudali mbuzi yaikazi. Bere lidali litatupa, mkaka ukudontha pansi. Pambali pake padali kachikopa ndi timiyendo tiwiri, zotsala za kamwana kake.

Kathumba adaikoka mpaka kunyumba. Adakama m'chikho. Nangondo adapinda tsamba, nadonthezera khanda m'kamwa. Dontho loyamba lidatayika. Lachiwiri lidatayika. Lachitatu khanda lidameza. Dzuwa lisanalowe, lidaliranso.

Kathumba adakhala pansi. "Amayi a Khumbize, aliko. Ndalankhula naye kumanda. Ndamunyoza, koma wayankha."

"Funsani mbuziyo," adatero Nangondo.

Kathumba adatembenuka. "Iwe mbuzi, wakutuma ndani?"

"Sananditume munthu," idatero mbuzi. "Mwana wanga wadyedwa ndi fisi dzulo. Nanenso ndinalira. Palibe anabwera. Bere likundiwawa, kamani. Zina sindizidziwa."

"Mwamva," adatero Nangondo. "Kuti wathu amwe, wake wafa. Inu mwapeza mkaka, ndiye mukuti aliko."

Kathumba adakumbukira fisi uja pa mulu wa dothi. Ndinapempha, ndalandira. Manyazi adamugwira.

Kenaka adati, "Za mkaka ndasiya. Koma ndiyankheni ichi. Tsiku lija munkadula mtengo, munkakalipira yani? Munthu sakalipira nyumba yopanda mwini."

"Ndinkakalipira mphepo."

"Nanga ine? Ndinkati munthu ndi dothi. Ndaika anthu osawerengeka, mtima uli phee. Koma nditaika Khumbize, china chake m'kati muno chinakana. Chinati uyu si dothi chabe. Chinakanacho n'chiyani?"

"Ndi chisoni, abambo a Khumbize. Chisoni si mboni."

"Nanga zala zija?"

"Zala zinakwana. Mayi wake sanazione."

Nkhani idathera pomwepo. Koma tsikulo padalibe woseka.

Nthomba idatha yokha, monga moto umathera udzu ukatha. Anthu adatsika kumapiri mmodzimmodzi. Adapeza okalamba awiri, khanda ndi mbuzi. Khandalo adalitcha Masiye.

Nangondo adapitiriza uzamba. Manja ake adali omwe aja. Ankalandira ana, ankadula michombo, ankasambitsa. Mayi wina akati, "Chauta wandichitira chifundo," iye ankangoti, "Muyamwitseni, wamva njala." Ufa sadathirenso.

Kathumba adasula khasu lina. Mmawa uliwonse ankapita pa chitsa cha msolo ndi kaufa m'dzanja. Ankathira, n'kuomba m'manja. Anthu ankamuseka. "Kodi si inu munkati kulibe?" Iye ankati, "Ndine ndemwe. Umboni wokwanira ndilibe. Koma ndinalankhula naye kamodzi, ndipo sindingathenso kusiya."

Nyumba imodzi, mphasa imodzi. Wokhulupirira adakana, wokana adakhulupirira. Masiye adakulira pakati pawo.

Zaka zidapita. Nangondo adadwala matenda a ukalamba. Adagona, osadzukanso. Kathumba adakhala pambali pake.

"Ndiloleni ndikakuthirireni ufa."

"Ufawo muphikire mwana."

"Simukuopa?"

"Ndiopenji? Ndikupita kukaona ndekha. Akakhalako, ndili naye mlandu wa Khumbize. Sindidzamugwadira asanandiyankhe. Akapanda kukhalako, ndigona."

Kathumba adamugwira dzanja. "Ndikupempheni chimodzi. Mukampeza, mubwere mundilotse. Mawu amodzi okha."

Nangondo adamuyang'ana. "Njira ikakhalapo, ndibwera. Inu sindinakunamizenipo."

Adamwalira mmawa, nkhuku zikutuluka m'khola. Nthawi imeneyo okumba ena adalipo. Koma Kathumba adawalanda khasu. "Uyu ndimugoneka ndekha."

Ndiye adayamba kudikira.

Kukacha, Masiye ankabwera ndi madzi osamba. "Agogo, abwera?"

"Sanabwere."

Mwezi udatha. "Agogo, abwera?"

"Sanabwere."

Chaka chidatha. Kathumba ankalota nyemba za m'munda, ankalota mvula, ankalota anthu amene adawaika kalekale, ngakhale mlendo wamchere uja. Nangondo yekha ayi.

Mudzi udagawikana. Ena ankati, "Mayi uja sankanama. Sanabwere chifukwa kulibe kochokera." Ena ankati, "Ayi, akufa ali ndi malamulo awo." Ankatsutsana pamtondo, ankatsutsana kumunda. Kathumba sankalowerera. Ankangotenga kaufa kake, n'kupita pachitsa, tsopano ndi ndodo.

Chaka chachinayi, miyendo idakana. Masiye ndiye ankamuthirira ufa. Tsiku lina mtsikanayo adakhala pafupi, nafunsa funso limene ankaliopa.

"Agogo, ndiuzeni zoona. Aliko?"

Nkhalamba idapuma movutikira. "Sindidziwa, mwanangu."

"Nanga agogo aakazi bwanji sanabwere?"

"Mwina kulibe. Mwina agona basi." Adatembenukira kwa mtsikanayo. "Koma mayi uja ndikumudziwa. Akayamba mlandu sausiya panjira. Ine ndikuti akukambabe."

Sadalankhulenso. Atamwalira, anthu adamuika pafupi ndi mkazi wake. Masiye adadikira nayenso, kuti mwina mmodzi wa awiriwo abwera. Adadikira mpaka imvi. Palibe adabwera.

Ndiye mwanawe, umve. Awiri aja mmodzi ankaima pakhomo lolowera, wina pakhomo lotulukira. Palibe munthu adaona zambiri kuposa iwo. Koma kuseri kwa makomowo sadasuzumireko. Choncho wokhuta akakuuza kuti Chauta aliko chifukwa iye wakhuta, yamba wafunsa kuti wadya mwana wa yani. Woferedwa akakuuza kuti kulibe, usamutsutse pamaliro. Mutungire madzi, mugwirire khasu. Ndipo iwe wekha, kaya ukuti aliko, kaya ukuti kulibe, usanene mokweza. Tsiku lako lokumba silinafike.

Yanga nthano ndi imeneyo, yathera pomwepa.