Misozi ya a Tebbutt

Ku Northampton osoka nsapato sankagwira ntchito Lolemba. Linali tsiku lochotsa matsire, ndipo panalibe bwana wolimba mtima woti n'kulikhudza. Koma Lolemba loyamba la mwezi, anthu a mumsewu wa a Obadiah Tebbutt ankaiwala ngakhale mowa, chifukwa ndilo tsiku limene gawo latsopano la buku la Ambrose linkafika. Bukulo linkatuluka pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi, masamba ali ogwirana m'mphepete. Dzuwa likapendeka anthu ankadzaza m'shopu ya a Tebbutt, wina pabenchi, wina pamulu wa zikopa, ndipo eni nyumbawo ankatenga mpeni wodulira zikopa n'kulekanitsa masamba aja mosafulumira, podziwa kuti mitima ya anthu ili m'manja mwawo.

Tisawanamizire, kuwerenga ankakudziwa. Mumsewu wonsewo panalibe wina wowaposa, ndipo ambiri ngakhale dzina lawo sankatha kulizindikira papepala. Ambrose wa m'bukumo anali mwana wamasiye woleredwa ndi mwini chigayo wouma mtima, ndipo aliyense m'shopumo ankadziona mwa mwanayo, popeza onse anakula ndi njala komanso mbama. Ankafuna kumuona akukula, akuima payekha, akukhala munthu. A Tebbutt mawu a mwini chigayo ankawatulutsira m'mimba, a mwanayo n'kumawachepetsa mpaka amayi kuyamba kufunafuna timipango. Akafika poti Ambrose wagonekedwa ndi njala pamatumba a ufa, ankavula magalasi, misozi ili chuchuchu mpaka m'ndevu.

"Munthu ameneyu nditakumana naye," ankatero akumenya tebulo, "ndingamusoke pakamwa ndi ulusi wa phula. Kumuchita zotere mwana wopanda pothawira?"

Pamene misozi imeneyi inkagwa, kuseri kwa chitseko kunali Rhoda. Anali mtsikana wongotha kumene msinkhu, mwana wa malemu Enos Haddon, mnzawo wa a Tebbutt amene anakhala nawo pabenchi imodzi kuyambira ali anyamata. Enos akufa ndi chifuwa, a Tebbutt anamugwira dzanja n'kulumbira kuti mwanayo adzakhala ngati wobereka okha, pakuti iwo ndi akazi awo a Keziah analibe mwana. Lumbirolo analikwirira limodzi ndi maliro. Rhoda anamuika m'kachipinda ka kumbuyo kopanda moto, kumene ankasoka zikopa zapamwamba pa nsapato kuyambira m'mawa mpaka kuwala kutha, zala zitatupa ndi chisanu. Lolemba la anthu onse kwa iye linali tsiku la ntchito. Nyama ankaidziwira kufungo. Chimene bambo ake anamusiyira chinali chimodzi chokha: anamuphunzitsa kuwerenga. Koma buku la Ambrose sankaloledwa ngakhale kulipukuta fumbi.

Chonyansa kwambiri n'chakuti a Tebbutt sankaona cholakwika chilichonse. Munthu woipa wodziwa kuipa kwake ali ndi mankhwala, koma uyu ankagona tulo tabwino, akudziyesa tate wa amasiye onse a mu England.

A Keziah ndiwo ankaona zimene amuna awo ankabisa. Maso a bambowo anali atayamba kuchita nkhungu. Ulusi sunkalowanso pasingano, ndipo nsapato zimene amalonda ankaziyamikira zinali za manja a Rhoda.

"A Tebbutt, bukuli mwayamba kulinunkhiza," anatero mayiwo tsiku lina. "Bwanji mwanayu azikuthandizani kuwerenga? Mawu ali nawo, ndipo maso ake ndi atsopano."

"Maso anga alibe vuto. Ndi osindikizawa achepetsa zilembo pofuna kupulumutsa mapepala."

"Nanga singano nayo achepetsa ndi osindikiza?"

"Mayi, kaoneni mbatatesi zanu pamoto. Za mabuku musiyire odziwa."

Lolemba lina la m'nyengo yachisanu, anthu atakhala kale, Rhoda analowa ndi ketulo ya tiyi. Ataiika pansi sanatuluke msanga. Anaima akupotokola nsalu yake yakutsogolo.

"Amalume," anatero motsitsa mawu, "sindikupempha kukhala pansi. Chitseko chokhachi chikhale chotsegula, ndizisoka ndikumvako. Mwezi watha sindinamve ngati Ambrose anachira."

"Wachira, wamva? Tsopano pita. Makutu akamagwira ntchito manja amagona. Ndiponso malasha awa sindikuwotchera kuti kutentha kuzithawira kumbuyoko."

Anadzuka okha n'kukatseka chitsekocho, n'kubwerera pampando, n'kukonza pakhosi. Ndipo taonani gawo limene linabwera tsiku limenelo. Ambrose, atamenyedwa chifukwa cha thumba limene sanaling'ambe ndi iye, anaima pachipata cha chigayo m'mawa, kamtolo kali m'manja, mwendo wina kunja, wina mkati, akuopa dziko limene sankalidziwa. Gawolo linathera pomwepo. A Tebbutt anaimirira, nkhope ili psu.

"Thawa, mwana iwe! Ukudikira chiyani? Munthu wodya nyama iwe ukumeza malovu si m'bale wako. Thawa, dziko ndi lalikulu, manja uli nawo!"

Mayi Dunkley, ochapa zovala, amene pakamwa pawo panalibe chotsekera, anaika kapu pansi. "Tsitsaniko mawu, a Tebbutt. Chitseko chanucho n'chopyapyala, ndipo malangizo abwino chonchi sasankha khutu."

Anthu ena anayang'ana pansi. A Tebbutt anaseka, poganiza kuti akuyamikiridwa mawu.

Kutacha, kachipinda ka kumbuyo kanali zii. Nsapato zonse zinali zitamalizidwa, zitandandalikidwa bwinobwino pakhoma, ndipo bulangete linali lopindidwa. Rhoda sanatenge kalikonse kosakhala kake. Pofika masana zinamveka kuti wawoloka mtsinje, walandiridwa ndi Mayi Ashby, amayi ofedwa mwamuna amene ankalemba atsikana ntchito yosoka zikopa n'kumadya nawo patebulo limodzi.

"Pitani mukamutenge," anatero a Keziah akulira. "Osati ndi ukali. Mukamuuze kuti munalakwa. Ndi pafupi pompa, mlatho umodzi wokha."

"Ine ndikagwadire mwana amene ndamudyetsa? Kusayamika kumeneko. Musiyeni, njala imubweza, ndipo adzagogoda pachitseko chomwechi."

Apa ndi pamene munthu akanatha kudzipulumutsa. Mtima wa mwana sukhalira kuuma, ndipo mawu awiri okha akanakwanira. Koma a Tebbutt anasankha kudikira kugogoda, ndipo anadikira mpaka chisanu chinatha, maluwa anaphuka n'kufota. Njala imene ankaituma kwa Rhoda inasochera n'kubwera kwa iwo. Misoko inayamba kukhota. Amalonda anabweza nsapato kamodzi, kawiri, kenako anasiya kutumiza zikopa. Dokotala atawayang'ana anati ndi ng'ala, m'maso onse awiri. Powerenga ankalumpha mizere, kubwereza ina, kuima pakati pa mawu, koma anthu ankapirira chifukwa cha Ambrose, amene tsopano anali atamera ndevu, ataphunzira ntchito, atakonda mkazi n'kukanidwa, n'kudzukanso.

Funso limene linatsala m'tauni yonse linali limodzi. Mwini chigayo uja anali atakalamba, akudwala yekhayekha, ndipo Ambrose anali panjira yopita kumudzi kwawo. Kodi akamukhululukira? A Tebbutt, amene kale ankafuna kumusoka pakamwa, anali atasintha nyimbo.

"Mwina nayenso anali ndi mavuto ake," ankatero. "Kulera mwana wa wina si masewera."

"Ee, makamaka ukamamulerera kuseri kwa chitseko," ankayankha Mayi Dunkley.

Gawo lomaliza linafika. A Tebbutt analigula ndi ndalama ya malasha. Anthu anadzaza shopu kuposa kale, ena ataima pakhomo. Bambowo anapapasa mpeni, nalekanitsa masamba, nadzicheka chala osazindikira. Anapukuta magalasi, nasendera pawindo, nabweretsa pepala pamphuno. Panalibe chilembo ngakhale chimodzi, koma utsi wokhawokha. Anakonza pakhosi kawiri.

Mayi Dunkley ndiwo anayamba kumanga mpango. "Pepani, a Tebbutt, koma ife tadikira mwana ameneyu nthawi yaitali. Kwa Mayi Ashby akuwerenga masana ano. Akuti mtsikana wawo amawerenga ngati madzi."

Anatuluka mmodzimmodzi, ena akupepesa, ena osacheuka n'komwe. Anatsala awiri, mwamuna ndi mkazi wake, ndi buku lotsegula pamiyendo.

"Keziah," anatero bambowo patapita nthawi, "ndigwire dzanja."

Mlatho umene anaukana ali ndi maso anauwoloka akutsogoleredwa. Atafika kwa Mayi Ashby anapeza nyumba yodzaza, chitseko chotseka chifukwa cha mphepo. Kugogoda kunawakanika. Munthu amene ankagwedeza msewu wonse ndi mawu ake anaima pakhonde, khutu ataligunditsa pathabwa, akutola mawu amodzi n'kutaya atatu. Anthu akaseka mkatimo sankadziwa choseketsa. Mawu a wowerenga akatsika, nkhani inkawathawa pamalo penipeni pofunika. Mapazi anachita dzanzi. Apo ndi pamene anadziwa kutalika kwa Lolemba limodzi kuseri kwa chitseko.

Mtsikana wina anawaona pawindo n'kunong'oneza Rhoda, amene ankawerengayo. Kuwerenga kunaima. Kenako chitseko chinatseguka.

"Chisiyeni chotsegula," anamveka Rhoda. "Kunjako mawu samveka bwino, ine ndikudziwa."

Mpando sanawapatse, koma anamva zonse. Ambrose analowa m'chigayo, napeza nkhalamba ija ili gone, naigwira dzanja, naitcha bambo, naitengera kunyumba kwake. Anthu analira mokweza, ndipo a Tebbutt analira kuposa onse, chifukwa mumtima mwawo munabuka chiyembekezo. Anthu akubalalika, anatambasula dzanja kumene kunkachokera mawu aja.

"Rhoda, mwana wanga, wamva mmene zathera. Tiye kunyumba. Benchi ya bambo ako ilipo, moto tizisonkha, uzikhala kutsogolo."

Rhoda anawayang'ana. Anali atanenepa, zala zitapola. Sanakweze mawu.

"Ndine mwana wa a Haddon, amalume. Nyumba mukunenayo ine sindinakhalemo, ndinkakhala kuseri kwake. Munandiuza nokha kuti ndithawe, ndipo ndi malangizo okhawo amene munandipatsa. Ndinawamvera." Anatembenukira kwa a Keziah. "Azakhali, inu muzibwera Lamulungu, tiyi alipo. Agwireni bwino pamlathopo, pakuterera."

Anabwerera mkati kukathandiza kuchotsa makapu. Chitseko anachisiya chotsegula, koma a Tebbutt analibe choti akalowere.

Shopu ija inatsekedwa chisanu chisanabwerenso. Magawo onse a buku la Ambrose anakhala pashelefu, atamangidwa ndi ulusi wa phula, m'nyumba yopanda wowerenga. Misozi imene bambo uja anathira pa mwana wa papepala ikanadzaza ndowa, koma mwana wamoyo, amene akanakhala maso awo ndi manja awo paukalamba, anamumana ngakhale mpata wa chitseko. Akuluakulu sananame: mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye.