Khasu ndi Mpeni za M'chipala cha a Dzoole

Ana inu, mudamvapo munthu akuti, "Aaa, a pabanja paja onse n'chimodzimodzi"? Mawu amenewa adatsala pang'ono kumuphonyetsa banja Naliyela.

Naliyela adali mtsikana wofatsa, ndipo mnyamata wina, Lipenga, adamukonda. Vuto lidali mkulu wake wa mtsikanayo, Msekawanthu. Ameneyo pakamwa padali poyabwa! Adatukwana apongozi ake pachitsime anthu akuona, banja n'kuthera pomwepo.

A Chadzunda, malume ake a Lipenga, adakana kukafunsira mbeta. M'malo mwake adapita kwa a Dzoole, malume ake a atsikanawo, kukanena kuti nkhaniyo ithe. Adawapeza m'chipala, poti ntchito yawo idali yosula.

"Pepani a Dzoole, ife tabwerera. Ana obadwa mimba imodzi n'chimodzimodzi. Wamkulu uja tidamuona."

Naliyela adamva ali kuseri kwa nkhokwe, misozi n'kuyamba kutsika.

A Dzoole sadakwiye. Adati, "Ndamva. Koma poti mwabwera, tandipopereniko mvukutowu."

A Chadzunda adapopa mvukutowo kukolezera moto uku akudabwa. Chitsulo chitafiira, a Dzoole adachidula pawiri. Kwina adasula khasu, kwina mpeni. Zitazirala adawapatsa mpeniwo.

"Nali khasu lanu. Mukalimire."

"Mukundiseka kodi? Uwu ndi mpeni!"

"Ha! Chitsulo chimodzi, moto umodzi, wopopa ndinu nomwe. Si chimodzimodzi nanga?"

A Dzoole adapukuta thukuta, n'kufunsa motsitsa mawu, "Kodi achimwene anu aja adathamangitsidwa m'mudzi chifukwa choba mbuzi, adabadwa mimba iti? Inu mwakhala pano kuyambira m'mawa, khola langa lili apo losatseka. Nditseke?"

Manyazi adawagwira a Chadzunda. Adayang'ana khasu, adayang'ana mpeni, kenaka adati, "Musatseke. Mawa ndibwera ndi mawu ena."

Adabweradi, ndipo Naliyela adakwatiwa. Apongozi ake atakalamba n'kuchita khungu, amene ankawatsogolera ndi ndodo adali iyeyo.

Kuyambira pamenepo akulu amati, "M'mimba ndi m'chipala." M'chipala chimodzi mumatuluka khasu, mpeni ndi nkhwangwa, ndipo mayi mmodzi amabala ana osiyana mitima. Choncho musanati "n'chimodzimodzi" ponena za munthu chifukwa cha m'bale wake, yambani mwakumbukira abale anu.