Kapalasa Wadongo ndi Makiyi a Nangondo

Kalekale, koma osati kale la makolo lija ayi, kale la dzana lomweli pamene wailesi yakanema inali itangoyamba kulowa m'magolosale ndi m'malo ometera, pa Mponela panali mayi wina dzina lake Nangondo. Mayiyu ankapanga chiponde. Anayamba ndi mtondo umodzi kuseri kwa nyumba mwamuna wake atamwalira, ndipo pofika nthawi ya nkhani yathuyi anali ndi kafakitale ka malata, makina ogayira, ndi amayi ambiri osankha ndi kukazinga mtedza. Alimi a m'midzi yozungulira ankadziwa kuti ukapita kwa Nangondo ndi thumba la mtedza, pobwerera njinga imapepuka.

Kenaka zinthu zinatembenuka. M'masitolo munadzaza chiponde chochokera kunja, cha mabotolo onyezimira, chotsatsidwa pa kanema m'mawa ndi masana omwe. Mabotolo a Nangondo anayamba kukhalitsa pa mashelefu mpaka mafuta kuyandama pamwamba. Iye sanagonje msanga. Anapita ku Lilongwe kwa akatswiri otsatsa malonda, ndipo iwo anamujambulira mtsikana wokongola wa zikhadabo zofiira akupaka chiponde pa buledi, m'khitchini yoyera ngati chipatala. Anthu anaonera, n'kunena kuti, "Chimenecho n'cha mabwana," n'kupitiriza ulendo wawo.

Maso a Nangondo nawonso anali atayamba kuchita chifunga, ndipo adokotala anamuuza kuti apume. Tsono anali ndi nkhawa ziwiri: fakitale ikufa, ndipo ngati ingapulumuke, aisiyira yani? Pa funso lachiwirili anali atamanga kale mfundo. Ali mtsikana anaona chigayo cha agogo ake chitasiyidwa m'manja mwa amalume ake atatu. Uyu ati tigule dizilo, uyo ati tikonze denga, winayo ati ine sindinafunsidwe, mpaka chigayo chija chinasanduka mogona mbuzi. Nangondo analumbira kuti makiyi a fakitale yake adzagwira munthu mmodzi basi.

Ana anali nawo atatu, ndipo aliyense anali ndi zake. Woyamba, Ndaziona, ankaumba mbaula ndi miphika ya maluwa n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu. Wachiwiri, Fatsani, ankajambula maukwati, munthu wodekha moti akwati ankatopa nsagwada ndi kumwetulira iye akadakonza kamera. Wotsiriza, Malizani, ankaitanira minibasi pa depoti, ndipo ankadziwika ndi kutsanzira mawu a anthu. Akatsanzira m'busa kapena wapolisi, mwini mawuyo ankaseka nawo.

Tsiku lina masana Nangondo anawaitanira onse pamalo ogulitsira a Ndaziona, kuti awauze zoti mvula ikamadzayamba atseka fakitale. Asanatsegule pakamwa, basi inaima ndipo anthu anatsika kuti aongole miyendo. Palibe amene anayang'ana mbaula. Onse anaunjikana pa kachinthu kena kamene Ndaziona anaumba ndi dongo lotsala: bambo wa kabaza, wa makutu aakulu ndi chipewa chopindika, atawerama pa kanjinga ka waya.

"Uyu ndi uja amandinyamula pamsika uja!" anatero mayi wina.

"Mwanama, awa ndi amalume anga enieni," anayankha mnyamata wa chikwama kumsana.

Bambo wina wachikulire wovala suti ananjuta pansi osasamala za fumbi, n'kukayang'ana nthawi yaitali. "Ife tinkaumba ng'ombe kudambo," anatero motsitsa mawu, ngati akudziuza yekha.

Fatsani anatembenukira kwa mlongo wake. "Achemwali, munthu uyu nditha kumuyendetsa."

Pompo mawu okalamba, osasa, anamveka ngati akuchokera m'kadongo kaja: "Musanandiyendetse mundipatse kaye kodya, bwana. Mimba yakakamira kumsana." Anali Malizani. Anthu anaseka mpaka kondakitala anachita kuwakokera m'basi.

"Ana inu," anatero Nangondo atawauza za kutseka fakitale n'kumva maganizo awo oti kamunthu kadongo kaja katsatse chiponde pa kanema, "anthu akana munthu weniweni, wokongola, ndiye akamvere dothi?"

"Tipatseni mpata kufikira mvula, amayi," anatero Ndaziona.

Nangondo anavomera, poti analibenso kwina koponda. Kamunthu kaja anakatcha Kapalasa.

Ntchito inayambira kwa Ndaziona. Dongo la miphika limafuna kuuma, koma apa panafunika dongo loti lipindike lero, lipindikenso mawa, osang'aluka. Anayesa lakuda la kudambo, linang'aluka. Anayesa lofiira la pachulu, linathothoka m'zigongono. Anayenda mitapo yonse ya m'deralo, kusefa, kukanda, kuthira timafuta, mpaka anapeza losakaniza lomvera. Mkati mwa Kapalasa anaikamo mafupa a waya. Anaumba mitu yambirimbiri ya munthu mmodzi yemweyo, wina wotseka pakamwa, wina woyasama, wina wotupa masaya, ndipo yonse ankaifunditsa nsalu zonyowa ngati makanda. Zala zake zinachita ming'alu, ndipo ogula mbaula atatopa n'kumudikira anapita kwa ena.

Nangondo, amene tsopano ankaona bwino ndi zala kuposa ndi maso, anatenga Kapalasa n'kumupapasa. Pa tsaya anamva mizere ya chala chachikulu.

"Pano sunasalaze."

"Ndasiyira dala, amayi. Anthu aone kuti pagwira munthu."

Kenaka inafika kwa Fatsani. Iye anatenga chipinda chosungiramo matumba, n'kutseka mazenera ndi ziguduli kuti dzuwa lisamasinthe kuwala, n'kumangirira kamera pa tebulo pomwe anakonzapo kamsewu, kachitunda ndi timitengo ta mapepala. Nangondo anakhala pakhomo tsiku lina kuti amve zomwe zinkachitika. Fatsani ankasuntha mwendo wa Kapalasa pang'ono chabe, ngati kambewu ka mpunga, n'kubwerera m'mbuyo, kamera n'kulira kuti tcha. N'kusunthanso, tcha. Kuyambira m'mawa mpaka amayi okazinga aja kuweruka, njinga inali isanadutse mtengo umodzi wa pepala.

"Ndiye lero wapanga chiyani?" anafunsa mayi ake.

"Wapalasa kawiri, amayi."

"Tsiku lonseli?"

"Zithunzizi zikamathamanga motsatizana, diso limanyengeka, limati akuyenda. Ndikalumpha pamodzi, diso lizindikira kuti ndi dothi."

Inali nyengo ya maukwati, ndipo onse amene anabwera kudzamufuna, Fatsani anawabweza. Tsiku lina nkhuku inalowa n'kudumphira pa tebulo, kugwetsa njinga, chitunda ndi zonse. Nangondo anadikira kumva kutukwana. Anangomva mwana wake akupuma mozama, n'kutulutsa nkhuku ija bwinobwino, n'kuyambiranso poyamba. Mayiyo anachoka pakhomo paja akuganiza kuti kuona maso a nkhono n'kudekhadi, ndipo anachita manyazi pokumbukira kuti mwana ameneyu ankamutcha waulesi.

Atamaliza anaonetsa amayi a m'fakitale. Kapalasa anapalasa njinga, anaima, anadya buledi wopaka chiponde, anamwetulira. Amayi aja anagwira pakamwa. "Ii, akuyendadi!" Kenaka anabwerera ku mtedza wawo.

Apa m'pamene Malizani analankhula. "Adabwa, koma sanaseke. Wodabwa amaiwala. Woseka ndi amene amakafotokozera mnzake. Munthu uyu agwe."

"Ndiumbe ine, udzaphwanye iwe?" anatero Ndaziona.

"Achemwali, munthu weniweni akagwa pamakhala magazi, timatembenuza nkhope. Wadongo akagwa timaseka ndi mtima wonse, chifukwa tikudziwa kuti adzuka. Mukumusunga ngati dzira, pomwe ubwino wake ndi womwewo."

Anakangana mpaka mayi awo kuwaletsa, koma pamapeto anamumvera, ndipo ntchito yonse inayambiranso. Malizani anasiya depoti, malo ake n'kutengedwa ndi wina. Anakakhala pansi pa mtengo ndi akabaza enieni, kumva momwe amadandaulira za zitunda, momwe amanyengerera makasitomala olemera thupi, momwe amapumira akafika pamwamba. Anabwereka njinga n'kunyamula anthu mpaka miyendo kutupa. Anabwerako ndi nkhani yonse m'mutu, ndipo mawu onse anawatulutsa m'kamwa mwake mokha: a Kapalasa, a wokwera, kulira kwa tcheni, ngakhale kuphwa kwa tayala.

Loweruka lina masana, mpira usanayambe, Nangondo anakhala pafupi ndi wailesi yakanema ya m'golosale ina, anthu atadzaza mpaka pakhonde. Ankangoona zinthu zofiirira zikuyenda m'chifunga, choncho Ndaziona ankamunong'oneza. Kapalasa wanyamula mayi wonenepa wa dengu pamutu. Afika pachitunda. Miyendo ikuonda, ikuonda, yasanduka ngati ulusi. Kenaka munthu yense phwa! wangokhala chibumi pamsewu, chipewa chokha chili pamwamba, maso awiri akuphethira. Mayi uja akutsika, akupukusa mutu, akutulutsa mbatata yootcha ndi botolo la chiponde cha Nangondo, akupaka, akulowetsa pansi pa chipewa. Chibumi chija chikutafuna. Chikufufuma. Mikono, miyendo, makutu, zonse zikubwerera, akatumba ngati maungu. Ndipo mawu osasa aja anamveka: "Gwiritsani, mayi, ndadya!" Njinga n'kuuluka, mpango wa mayi uja n'kutsala m'malere wokha.

Apa Nangondo sanafunikenso womufotokozera. Golosale yonse inagwedezeka ndi phwete. Wina anagwetsa botolo la chakumwa. Mpira utayamba, ana anayamba kulira kuti abwezeretse munthu wadongo uja. Nangondo anaphimba nkhope ndi chitenje, ndipo ana ake sanadziwe ngati akuseka kapena akulira.

Mvula isanagwe, mawu aja anali paliponse. Madalaivala ponyamuka ankati, "Gwiritsani, mayi, ndadya!" Ophunzira polowa mayeso ankanong'onezana zomwezo. Ana m'madambo anasiya kuumba ng'ombe n'kuyamba kuumba akabaza. Wa ku Karonga ankati Kapalasa ndi wa kwawo, wa ku Nsanje ankatinso ndi wa kwawo, poti dothi lilibe mtundu. Mabotolo anayamba kutha pa mashelefu, makina ankalira osapuma, ndipo amayi okazinga aja anaitana abale awo kudzathandiza. Fakitale inapulumuka.

Tsono inakwana nthawi ya makiyi. Nangondo anakhala pampando pabwalo la fakitale, antchito atazungulira, makiyi ali pamiyendo. Anauza ana ake kuti aliyense anene mawu ake.

Ndaziona anati, "Amayi, anthu anamukonda munthuyu ali chete m'mbali mwa msewu, asanayende, asanalankhule. Popanda manja awa, Fatsani akanajambula tebulo, ndipo Malizani akanalankhulira mphepo."

Fatsani anatenga nthawi, monga mwa chikhalidwe chake. "Zoona, anamukonda. Anthu a basi imodzi. Akanakhala pomwepo mpaka kuuma. Amene anamulowetsa m'nyumba za anthu akupuma, akuphethira, ndine."

Malizani anaseka. "Achimwene anamuyendetsadi, ndipo amayi awa ndi mboni kuti anaonera n'kubwerera ku mtedza. Pitani pamsewu mukamve. Anthu sakunena dongo, sakunena kamera. Akunena mawu anga."

Antchito nawo anagawikana. Mayi wamkulu wosankha mtedza anati chimene chimamugwira mtima ndi chala chija pa tsaya, chifukwa chimamukumbutsa kuti chiponde chawonso chimadutsa m'manja mwa anthu. Woyendetsa makina anati iye amadikira pofufuma paja, ndipo akaonera kangati konse samvetsa kuti dothi lingapume bwanji. Mlonda wa pachipata sananene zambiri, anangofuula kuti, "Ndadya!" ndipo onse anaseka, ndi Ndaziona yemwe.

Wina anati, "Bwanji agwire onse atatu?"

Nangondo anapukusa mutu. "Zimenezo ndinaziona ndi maso anga, nthawi imene ankaona bwino. Onse adya za muno, koma wonena mawu otsiriza akhale mmodzi."

Ananyamula makiyi aja. Anatembenukira kwa mwana wamkazi amene anang'alula zala zake kufunafuna dongo lomvera, dzanja linanyamuka pang'ono. Anatembenukira kwa uja anatulutsa nkhuku osatukwana n'kuyambiranso, dzanja linapita uko. Anamva wotsiriza akutsokomola, uja anaona chimene onse sanachione ndipo sanaope kukangana ndi akulu ake, dzanja linaimanso. Moyo wake wonse ankadandaula kuti anabereka ana osadziwa chiponde, ndipo lero ndi pamene anazindikira kuti aliyense wa iwo akanatha kusenza fakitale. Dzuwa linasuntha, mthunzi unachoka pampando paja, makiyi ali m'dzanja lake.

Ine pamenepa ndaima, chifukwa mayi uja akudikirabe ndipo dzanja latopa. Inu amene mwamva nkhaniyi, muthandizeni. Makiyi apite kwa yani: kwa Ndaziona amene anaumba munthuyo, kwa Fatsani amene anamuyendetsa, kapena kwa Malizani amene anamugwetsa n'kumupatsa mawu?