Ulimba wa a Thole Unabwerera pa Bwato

Ambiri amanena kuti "kusindikiza" pamene akufuna kunena "kufalitsa". Kusindikiza, adzukulu anga, ndi kudinda mawu papepala. Kufalitsa ndi kuwatsegulira njira kuti afike kwa aliyense. Feliya Dzimbiri, mphunzitsi wa zoimbaimba pa sukulu ina ya ukachenjede, ankafuna kufalitsa.

Atsibweni ake, a Nyadani Thole a ku Nsanje, anali ndi ulimba, chida choimbira cha matabwa makumi awiri ndi limodzi ogonekedwa pa zikho. Mwambo wa banjalo unali wakuti kasemedwe ka matabwawo munthu amaphunzitsa mwana wa mlongo wake yekha. Anyamata onse anali atapita m'tauni, choncho mwayi unagwera Feliya. Iye sankadziwa kugwira sompho, koma kwa zaka ziwiri anayeza thabwa lililonse, kulemba pamene linakumbidwa kunsi, ndi kujambula liwu lake.

"Atsibweni," anatero tsiku lina, "ndikufuna zimenezi zituluke m'magazini ya akatswiri ya pa intaneti, imene aliyense amawerenga kwaulere."

"Aliyense? Ndi mbuzi zomwe? Ndinakupatsa chuma cha makolo kuti ukachimwaze ngati mankhusu?"

"Mukachiumira, mudzalowa nacho m'manda."

"Ha! Wayamba kundiwerengera masiku, iwe mwana?"

Kwa masiku atatu nkhalambayo sinamuyankhule. Tsiku lachinayi inamuitana. "Ulembe dzina langa patsogolo pa lako. Wosema molakwika adziwe amene adzamukalipire."

Akatswiri awiri anaunika nkhani imene Feliya analemba, naibweza kawiri kuti ikonzedwe, kenako inatuluka.

Patapita zaka zitatu, madzi osefukira anakokolola nyumba ya a Thole pamodzi ndi ulimba. Iwo anapulumukira pachulu, koma kuyambira pamenepo manja awo ankanjenjemera, osathanso kusema. Feliya anapita ndi miyeso yake kwa akalipentala atatu, ndipo onse anatulutsa matabwa olira ngati mabenchi. Mtima unamuwawa poona atsibweni ake akugogoda zala pa bondo, popanda choimba.

Ndiye kunabwera uthenga kuchokera ku Mozambiki. Mmisiri wina wosema ng'oma, a Zhuwaki Semba, anali atawerengeredwa nkhani ija ndi mkazi wawo, mphunzitsi, ndipo anatha chaka chathunthu akusema ulimba motsatira miyesoyo. Atamva za madzi osefukira aja, anaukweza m'bwato nawoloka nawo Shire.

A Thole anagogoda matabwa limodzilimodzi, khutu lili pafupi. Feliya anali chiimire pambali. Pa thabwa lakhumi ndi chisanu ndi chiwiri nkhalamba inaima.

"Ili lanenepa, achimwene. Amadya chiyani kwanuko? Lipaleni kunsi."

A Semba anapala katatu. A Thole anagogodanso, kenako manja onjenjemera aja anapeza nyimbo. Amayi amene ankapita kumadzi anatula ndowa zawo pansi.

"Feliya," anatero a Thole atamaliza, "ndinkayesa ndataya. Kani kupatsa nkuika."

Akuluakulu a m'mudzimo amati mwambiwu anautola pakamwa pa a Thole. Tanthauzo lake ndi lakuti chimene wapatsa mnzako sichitayika. Uli ngati wachiika m'nkhokwe ya kutali, kumene moto kapena madzi a kwanu sangafike, ndipo tsiku la tsoka chidzakupeza. A Thole analandira a Semba ngati mwana wa mlongo wawo, nayamba kuwaphunzitsa zotsala, Loweruka, pa 9 Seputembala 2023.