Nyani Akadali M'nkhokwe

Padangotero! Ndati padangotero, inu, kodi pakamwa mwatseka ndi phula? Eyaa, tsopano tili tonse.

Kalelo nyama zinkasunga chimanga cha mbewu m'nkhokwe imodzi, ndipo mlonda wake adali Nguluwe. Tsiku lina masana, Nguluwe atatsikira kudambo kukamwa madzi, Nyani adakwera m'nkhokwemo n'kukukuta mbewu yonse, psiti! Zitsononkho adakazimwaza pakhomo pa Nguluwe, mapazi ake n'kufufuta ndi tsache.

Nyama zitapeza zitsononkhozo, zidamupirikitsa Nguluwe ngati galu wakuba mazira. Adalira, adalumbira, koma womumvera padalibe. Adakakhala yekhayekha kuthengo, dzina lake litasanduka la mbala.

Nyani ankangovina kuseri, akuimba:

Dzulo ladya dzana,
dzana ladya mapazi anga,
adzandipeza ndani ine?

Zaka zidapita. Nyani adanona, adamera imvi, akamadutsa ana akumuombera m'manja. Ine mpaka lero zimandipsetsa mtima zimenezi!

Chaka china mvula idakana. Nyama zidatenga ufa ndi chikho cha mowa, ulendo wa kukachisi kukapempha kwa Chauta. Mwambo udali woti wothira nsembe akhale wopanda mlandu, ndiye aliyense ankangoyang'ana pansi. Koma Nyani adalumpha.

"Ine! Tandipatsani chikhocho, mwaonapo banga pa ine?"

Atangogwada, mawu adagunda kumwamba:

"Nyani, tsika m'nkhokwemo!"

Nyani adatsokomola.

"Ambuye, kapena mwaona wina. Ine ndili pano pakachisi."

"Pakachisi ndikukuona, chikho chili m'manja. M'nkhokwe ndikukuonanso, mbewu ya anzako ili kukamwa. Ndiwe uyo ukusesa mapazi ako ndi tsache."

"Ha! Koma Ambuye, zimenezo n'zamakedzana! Zaka makumi awiri, zidaola kale!"

"Kalanga ine, wavomera yekha!" adakuwa Fulu, amene adatsogolera ulendowo.

Mawu aja adati, "Zakazo n'zanu, inu owerenga masiku ndi dzuwa. Ine ndilibe dzulo, ndilibe mawa. Kubadwa kwako, kuba kwako, ngakhale imfa yako, zonse zili pamaso panga tsopano lino."

Chikho phofo! Nyani liwiro la mtondo wadooka, mpaka kuphiri. N'chifukwa chake mumamuona pathanthwe akungocheukacheuka.

Manyazi adazigwira nyama. Zidathamangira kuthengo n'kukamupeza Nguluwe atakalamba, nthiti zikuwerengeka. Zidamupepesa, n'kumunyamula pamapewa mpaka pakachisi. Iye adagwada nati:

"Ambuye, zaka zonsezi ndakhala ndikulira ndekha. Ndinkati mudandiiwala."

"Kukuiwala bwanji, mwana wanga? Misozi yako yoyamba ija kwa ine sinaume, ndikuiona ikutsika. Pambali pako sindidachokepo. Thira nsembe."

Nguluwe adathira ufa pansi. Asanadzuke n'komwe, mphepo kuwee, mitambo biii, mvula wa-a-a! Nthungululu zake, ana inu! Njovu kuvina, Fulu kugubuduka m'matope, mbalame kufuula dzina la Nguluwe mtengo ndi mtengo. Mwini wakeyo adangoima pamvulapo akuseka, mano onse pamtunda, koyamba chimuthamangitsireni.

Nayo nthano yanu, muigwire zolimba: choipa chimakalamba kwa anthu okha, koma kwa Chauta mlandu ndi misozi zonse n'za lero.