Chokoleti cha a Kachigamba

Pa Mponela, kuseri kwa msika kumene amagulitsira nthochi, kunkakhala mkulu wina dzina lake Gelesomu Kachigamba. Mkuluyu anagwirapo ntchito ya ukalaliki pa esiteti ina ya fodya zaka makumi awiri ndi zisanu, ndipo atapuma anabwerera kwawo ndi zinthu ziwiri, jekete yakuda ndi Chingerezi. Jeketeyo njenjete zinaidya, koma Chingerezicho ndicho chinawapatsa dzina.

Aliyense amene anali ndi pepala lomuzunguza mutu ankapita nalo kwa a Kachigamba. Wina kalata ya ku ofesi, wina botolo la mankhwala opopera matimati, wina mapiritsi a mwana. Iwo ankakhala pampando wawo pakhonde, kulitambasula pepalalo, kutsokomola kamodzi, kenako n'kumasulira. Anthu akamatsutsana pamsika, wina akangoti "anatero a Kachigamba," mkangano unkathera pompo. Mkuluyu analibe ng'ombe, analibe golosale. Ulemu umenewu ndiwo unali chuma chake chonse, ndipo ankausunga kuposa thanzi lake.

Koma panali chinsinsi. Kwa zaka ziwiri maso awo anali atayamba kuchita chidima. Zilembo zikuluzikulu ankaziona bwino, koma zing'onozing'ono zinkangooneka ngati nyerere zikuyenda papepala. Akazi awo, a Nangondo, anazindikira msanga, nawauza kuti akapimitse maso apeze mandala. A Kachigamba anakana. Kuti apeze mandalawo anayenera kukaima pamzere kuchipatala n'kulephera kutchula zilembo za pakhoma pamaso pa anthu omwewo amene amawawerengera makalata. Choncho anapeza njira yawo. Ankawerenga mawu aakulu a pamwamba, zotsalazo n'kumalizitsa ndi za m'mutu mwawo, ndipo nthawi zambiri ankalasa ndithu.

Mkuluyu analinso ndi matenda a shuga, chimodzimodzi bwenzi lake la ponda apa nane ndipondepo, a Zakeyu Msampha, telala wa pakhonde la sitolo ina. Awiriwa anasiya limodzi tiyi wa shuga, ndipo akakumana ankadandaula za zotsekemera monga anthu ena amadandaulira chibwenzi cha pa unyamata. Tsiku lina Lonjezo, mwana wa a Kachigamba amene ankagwira ntchito ku Joni, anaimba foni n'kunena kuti kumeneko kuli chokoleti chopangidwa popanda shuga, cha anthu akuluakulu odwala ngati iwo. Analonjeza kuti adzachiika m'katoni ya katundu wa mkazi wake Felesiya, amene anali ndi saluni pafupi ndi siteji ya mabasi. Kwa masabata atatu a Zakeyu sanamve nkhani ina kupatula ya chokoleticho.

Katoni inafika Lachitatu m'mawa, Felesiya atapita kale ku saluni. A Kachigamba anatenga mpeni.

"Bwanji osadikira mwini wake?" anatero a Nangondo. "Muli katundu wa ntchito mmenemo."

"Wotumiza ndi mwana wanga, Nangondo. Ndidikire chilolezo cha ndani?"

Pamwamba penipeni panali zinthu zisanu ndi chimodzi zaphanthiphanthi, zabulawuni, zogawidwa timagawo ta makona anayi, chilichonse m'pulasitiki wake. Fungo la chokoleti linadzaza pabalaza. Papepala lomatidwa pamwamba panali liwu lalikulu la Chingerezi limene a Kachigamba analiona bwinobwino, ndipo linali liwu lomwelo la chokoleti.

"Mwanayu sanaumire," anatero akumwetulira. "Zisanu ndi chimodzi!"

"Nanga kumbuyoku alembako chiyani? Taimbirani Lonjezo, kapena mudutse ku saluni Felesiya akuonereni."

"Ine ndikafunse mpongozi kuti andiwerengere?"

Apa mpofunika kuwamvetsa pang'ono a Kachigamba, ngakhale sitikuwaikira kumbuyo. Kwathu kuno munthu ndi mpongozi wake amapatsana ulemu wa patali. Felesiya ankalankhula nawo atagwada, maso ali pansi, mawu osapitirira atatu. Kumupatsa mtsikanayo pepala kuti awawerengere, kwa iwo kunali ngati kuvula malaya pamaso pake. A Kachigamba anatenga chimodzi mwa zinthu zija, nachiika m'thumba, n'kulunjika kwa a Zakeyu.

Anawapeza akupalasa makina awo osokera. Akazi awo, a Nasibeko, ankasita zovala pambali, ndipo pabenchi panali azimayi awiri odikira madiresi awo.

"Achimwene, imitsani makinawo. Joni yafika."

A Zakeyu anachilandira ndi manja awiri, nachinunkhiza, nachitembenuza. Iwo anali munthu wosamala. Chiwauzireni a dokotala kuti asamaike kukamwa chinthu chimene sakudziwa zimene aikamo, ngakhale thobwa la pa ukwati ankalifunsa kaye.

"Fungo lokha ndi lomwelo," anatero. "Koma tandiwerengerani kumbuyoku, a Kachigamba. Aikamo chiyani? Paja ife tinasanduka makanda, sitingodya chilichonse."

A Kachigamba anachitenga, nachitalikitsa, natsokomola. Nyerere zija zinayamba kuyendayenda. Panali mizere yambiri, wina wofiira, ndipo sanaone liwu ngakhale limodzi. Mtima unawauza kuti anene zoona, pakuti amene ankafunsayo anali bwenzi lawo ndipo ankafunsa za moyo wake. Koma a Nasibeko anali ataimika simbi kuti amvetsere, ndipo azimayi awiri aja anali atatchera khutu.

"Koko," anawerenga a Kachigamba, chala chikuyenda pamzere. "Mkaka wa ufa. Mafuta pang'ono. Apa pofiirapa akuti mulibe shuga, n'choyenera akuluakulu."

"Basi, chinyemeni," anatero a Nasibeko. "Mwandimasula mtima."

Chinanyemeka ndi phokoso louma. Aliyense anaponya kagawo kukamwa n'kuyamba kutafuna. Anatafuna, natafunanso, koma chinthucho sichinasungunuke. Chinafewa chabe n'kukakamira m'mano ngati ulimbo, ndipo pakhosi panatsala kuwawa kwa utomoni.

"Sichikutsekemera ngakhale pang'ono," anatero a Zakeyu movutikira, nsagwada zikukanika kutseguka.

"Nanga mumafuna chitsekemere bwanji mulibe shuga? Umboni wake ndi umenewo."

"Koma chikumata."

"Chimene chimasungunula chokoleti ndi shuga, achimwene. Akamuchotsa chimatero. Ingomezani."

A Zakeyu anameza. Munthu amene wadikira chinthu masabata atatu savomera msanga kuti n'choipa, choncho anadya timagawo tinayi. A Kachigamba anadya titatu, osati chifukwa chinkawakomera, koma kuti asaoneke ngati akukayika zimene awerenga okha.

Dzuwa litapendeka, a Zakeyu anasiya makina n'kuthamangira kuseri kwa sitolo. Anasanza kamodzi, kawiri, mpaka thukuta linali kamukamu. A Nasibeko ankadziwa kuti munthu wa shuga akamasanza chotero si nkhani yodikira mawa. Anawakweza pa njinga yamoto kupita kuchipatala, natumiza uthenga kuti a Kachigamba abwere ndi chotsala cha chokoleticho. Mkuluyo anapita wapansi, mantha atamugwira.

Anapeza a Zakeyu atagonekedwa, botolo la madzi likudontha pamkono. Dokotala anali mayi wa msinkhu wa Lonjezo. Asanalandire n'komwe chotsalacho, Felesiya analowa ali wefuwefu, a Nangondo ali pambuyo. Anali atabwerera kunyumba, napeza katoni yotsegula, namva zonse. Anagwada pasimenti pafupi ndi chitseko.

"Bambo, pepani. Chija mwatenga chija ndi cha ku saluni."

"Cha ku saluni bwanji? Chokoleti changa muzidyetsa makasitomala anu?"

"Ayi, bambo. Ndi cha ntchito. Timagwiritsa... pa azimayi."

Zinthu zina mpongozi sangazitchule pamaso pa apongozi ake aamuna, ngakhale nyumba ikupsa. Koma dokotalayo sanali mpongozi wa munthu aliyense mchipindamo. Anatenga chinthucho, nachitembenuza, n'kuwerenga mofulumira.

"Ili ndi phula," anatero. "Amalisungunula pamoto, kulipaka pamiyendo kapena m'khwapa, likauma n'kulimatula kuti lizule ubweya. Aikamo phula, utomoni wa mitengo, mafuta ndi utoto. Koko mulibe ngakhale pang'ono, angoikamo fungo lake kuti azimayi azilikonda. Pofiirapa alemba kuti osadya."

Mayi wina wodwazika matenda pa bedi loyandikana anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka.

"Liwu lalikulu la kutsogolo ntchito yake n'kuitana wogula," anapitiriza dokotalayo. "Zoona zake zimakhala kumbuyo, m'tizilembo tating'ono. Ngakhale chikanakhala chokoleti chenicheni, munthu wamkulu wodwala ayenera kuona kumeneko. China chimakhala ndi shuga wambiri, china mtedza umene ena amatupa nawo, china mowa. Bambowa achira, phulalo lituluka lokha, koma tiwasunga mpaka shuga wawo akhazikike. Inunso agogo mukhale pansi tikuoneni. Kodi panalibe woti akuwerengereni?"

A Zakeyu anatembenuza mutu pa pilo.

"Anatiwerengera," anatero ndi mawu ofooka. "Koko, mkaka wa ufa, mafuta pang'ono. Chala chili pamzere. Si choncho, a Kachigamba?"

A Kachigamba anayang'ana pansi. Akanatha kunena kuti Chingerezi cha ku Joni n'chosiyana ndi chathu, ndipo bodzalo linafika ndithu pamlomo. Koma bwenzi lawo linali gone pabedi chifukwa cha iwo, ndipo manyazi ndi chisoni zinawakulira.

"Sindinawerenge," anatero. "Tizilembo tating'ono sindikutionanso. Patha zaka ziwiri."

"Zaka ziwiri?" anafunsa a Nasibeko. Sanakweze mawu. Anamasula mfundo ya pa chitenje chawo, natulutsa kapepala ka mapiritsi. "Nanga awa, amene munatiwerengera mwezi watha kamwedwe kake? Amuna anga akumwa tsiku lililonse monga munanenera. Munawerenga, kapena munalota?"

Ngakhale a Kachigamba eni akewo sankadziwa ngati analasa kapena anaphonya. A Nasibeko anawadutsa pomwe anakhalapo, napereka kapepalako kwa dokotala.

Nkhani ya pa Mponela siigona panjira. Sabata imeneyo anthu anafukula mabotolo a mankhwala ndi makalata onse amene anawerengeredwa pakhonde lija, n'kupita nawo kwa aphunzitsi ndi kwa alangizi a zaulimi kuti awaonerenso. Ena ankadutsa nawo pakhomo pa a Kachigamba pomwepo, kupereka moni mwaulemu, osaima. Mkuluyo anapita kukapimitsa maso, ndipo mandala anawapeza mosavuta tsiku limodzi lokha. Anayambanso kuona tizilembo tonse bwinobwino, koma panalibenso wobwera ndi pepala.

Chokoleti chenicheni chinalimo ndithu m'katonimo. Lonjezo anachikulunga m'malaya pansi penipeni kuti chisasungunuke panjira. A Kachigamba anawerenga kumbuyo kwake kawiri ndi mandala awo atsopano, napatsa a Nangondo kuti akapereke kwa a Zakeyu. Madzulo a tsiku lomwelo chinabwerako chosatsegula.

Ku saluni ya Felesiya, kumene azimayi amacheza mitu ili m'manja mwa anzawo, dzina la Kachigamba silinkatchulidwa polemekeza mwini saluni. Ankangoti "a Safunsa." Mtsikana akafuna kudzola mankhwala a tsitsi amene sakuwadziwa, anzake ankamuletsa kuti, "Funsa kaye, iwe. Safunsa anadya phula." Mawuwo anatuluka mu saluni, nafika pamsika, nakwera basi, mpaka lero akunenedwa ndi anthu amene sanapondepo pa Mponela.

Safunsa anadya phula. Mwambiwu, ana inu, sukunyoza munthu wosadziwa, pakuti palibe anabadwa akudziwa zonse. Ukunena za munthu amene akudziwa kuti sakudziwa, wom'funsa ali naye pafupi, koma akusankha kungoganizira poopa kuoneka wochepa. Chinthu chikhoza kununkhira bwino ndi kukhala ndi dzina lodziwika, koma musanachiike kukamwa kapena kupatsa mnzanu, dziwani zimene zili m'kati mwake, ndipo ngati simungathe kuwerenga nokha, pemphani wina akuwerengereni, angakhale mwana wanu kapena mpongozi. Kufunsa kumachititsa manyazi kanthawi kochepa. A Kachigamba anakana manyazi a kanthawi amenewo, ndipo anataya chikhulupiriro cha mudzi wonse ndi bwenzi la zaka makumi atatu.