Mkamwini Amene Anameza Phula la Ng'oma

Inu amene mukuyandikira banja, khalani pansi ndikuuzeni kumene kunachokera mwambi umene mumangoseka nawo uja. Gwero lake silosekesa ayi.

Kale, m'mudzi wina kunsi kwa phiri, munali mkamwini dzina lake Kamzingeni. Pa khasu anali katswiri, ndipo mkazi wake Lekeleni ankamukonda. Chaka china anadwala malungo aakulu. Atachira anakomana ndi mkazi wake kumphasa, koma thupi linamukana. Zimachitika zimenezi, ngakhale kwa amuna odzitama pabwalo aja. Koma iye anagwidwa mantha, ndipo ulendo wotsatira mantha omwewo ndiwo anamumanga. Basi, vuto linakhazikika.

Masiku amenewo mkazi sankatchula pakamwa nkhani za kumphasa. Akafuna mwamuna wake ankapachika mkanda woyera pakhoma. Kamzingeni akangouona mkandawo, ankaopa ngati waona njoka. Ankanamizira nguluwe, n'kukagona kumunda.

"Abambo, ndakulakwirani chiyani?" Lekeleni anafunsa tsiku lina, misozi ili m'maso. "Kapena mwaona wina?"

"Palibe. Ndatopa chabe."

Miyezi inapita. Kenaka malume ake a Lekeleni anaitanira Kamzingeni pambali.

"Akamwini, mwana wathu kumsana kuli mbee. Tikakolola, ngati palibe chooneka, tiitana fisi. Mukakana, mupinde mphasa yanu muzipita kwanu."

Fisi ameneyu si wa kutchire. Ndi mwamuna wobwerekedwa kuti alowe m'nyumba ya mnzake mwamseri, akapereke mimba. Kamzingeni ankamufunabe mkazi wake, ndipo ankaona banja likumupulumuka m'manja.

M'mudzimo munali mkulu wina wosema ng'oma, a Gwirize, amene pamodzi ndi akazi awo ankathandiza mabanja ovutika kumphasa. Anthu ankalowa kumeneko atazolika, pakapita nthawi n'kumawaona akuseka limodzi kuchitsime. Kamzingeni anaganiza kuti chinsinsi chake ndi mankhwala, pakuti tsiku lina anaona pakhomo pawo kamphika kodzaza timibulu takuda. Koma zofunsa ndiye ayi! Ankaopa kuti mudzi wonse uyamba kunong'ona kuti anagwa mu mpapaya. Masana ena akuluakuluwo ali kudimba, anazemba, natapa timibuluto dzanja lodzaza, nakatimeza ndi madzi kuseri kwa nkhokwe.

Lija linali phula lomata pachikopa cha ng'oma kuti izilira bwino, losakaniza ndi nsatsi zosinja. Ndipo nsatsi m'mimba mwa munthu ndi imfa.

Dzuwa lisanalowe anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba. Pofika m'mawa maso anali atalowa m'kati, milomo itauma gwa. Anthu anatuma mthenga kwawo kwa Kamzingeni, ndipo mlongo wake anafika akulira mokuwa. Atangomuona wodwalayo, analoza Lekeleni.

"Ndiwe! Wapeza mwamuna wina, ndiye wamuthirira mlongo wangayu mankhwala m'ndiwo. Umwe mwavi tione!"

Mwavi unali chakumwa choyesera mlandu, ndipo ambiri oumwa sankadzuka. Anthu anamuzungulira Lekeleni. Ngakhale iyeyo sankadziwa chimene chikudya mwamuna wake. Munthu wina ananyamuka kale kukaitana wosinja mwavi.

Kamzingeni anamva zonse ali gone m'nyumba. Anakwawa mpaka pakhomo.

"Musiyeni," anatero ndi mawu osasa. "Sanalakwe. Ine ndinafooka kumphasa chidwalire malungo aja. Ndinaba mankhwala a a Gwirize, akuda aja a mu kamphika."

A Gwirize anagwira kumutu.

"Mankhwala ati, mwanawe? Wadya phula la ng'oma zanga!"

Palibe amene anaseka tsiku limenelo. Anamumwetsa madzi ndi phala lamadzimadzi pang'onopang'ono, masiku angapo ali pakati pa moyo ndi imfa, mpaka anadzuka.

Kamzingeni atapeza mphamvu, a Gwirize ndi akazi awo anawakhazika onse awiri.

"Kuno kulibe timibulu tochiritsa," anatero mayiwo. "Timakhazika mwamuna ndi mkazi pamodzi, aliyense anene chimene akuopa, mnzake akumva. Mwezi uno musakakamize kanthu. Muzicheza, muzisambitsana, muzigona moyandikana basi. Thupi ukalithamangitsa limabisala. Zikakanikabe, pamenepo ndiye tifunefune nthenda m'thupimo."

Lekeleni anayang'ana mwamuna wake nalira. "Bwanji osandiuza, abambo? Ine ndinkayesa ndimakunyansani."

Malume aja, atamva zonse, za fisi anazisiya. Mphamvu za Kamzingeni zinabwerera pang'onopang'ono, banja linalimba. Koma dzina lake lenileni linaiwalika, anthu n'kumangomutcha Safunsa.

Ndipo kuyambira pamenepo akuluakulu amati, "Safunsa anadya phula." Tanthauzo lake n'lakuti munthu wochita manyazi kufunsa amadzipweteka ndi chinthu chimene wodziwa akanamuchenjeza ndi mawu amodzi, ndipo kawirikawiri amapweteketsanso wosalakwa ali pambali pake. Vuto la kuchipinda ndi la anthu awiri, choncho muzilikambirana awiri, likakukulirani mukafunse kwa odziwa. Kamzingeni anaopa kunong'oneza mkulu mmodzi m'nyumba, mapeto ake anauza mudzi wonse pabwalo, akukwawa.